Njerwa Ziwiri za ku Camps Bay

Ndinaphunzira kulemba tsitsi litayera kale. Ku sukulu ya kwacha, pakati pa amayi obereka ana kumbuyo, mwamuna ndinali ndekha, ndipo aphunzitsi athu anali msinkhu wa mwana wanga wotsiriza. Anthu pamudzi ankaseka kuti nkhalamba ikufuna ukalaliki. Sindinawauze chifukwa chake. Pali nkhani imene pakamwa panga pakhala pakukana kuinena, ndiye ndinaganiza kuti mwina dzanja lingathe.

Nkhaniyo ndi ya mlamu wanga, a Filimoni, mwamuna wa mlongo wanga Esinati. Esinati amadziwa kuti mwamuna wake anabwerako ku Joni wopanda zala zitatu za dzanja lamanja. Chimene sadziwa n'chakuti zalazo ndinadula ndine, ngakhale sindinagwire mpeni.

Ndinachoka kwathu ku Dedza nthawi imene ulamuliro wa azungu unali utangotha ku Joni, aliyense akunena kuti zipata zatseguka. Ndinasiya mkazi ndi ana atatu. Za ulendowo ndimakumbukira miyendo yotupa m'basi, ndi mbatata yootcha imene mkazi wanga anandimangira pansalu, yomwe ndinkadya pang'onopang'ono kuti fungo la kwathu lisathe msanga. Ku Cape Town ndinafikira ku Kraaifontein, m'kanyumba ka malata momwe tinkagona amuna asanu. Mphepo ya kumeneko siopa khoma. Imalowa pansi pa chitseko n'kukugona pambali.

Patapita miyezi ndinapeza ntchito ya m'munda wa maluwa ku Camps Bay, kwa mzungu wina amene nyumba yake inamangidwa pachitunda, phiri kumbuyo, nyanja kutsogolo. Anandipatsa kachipinda kumtunda kwenikweni kwa mpanda, kotsamira phiri. Kuchoka pageti kukafika kumeneko panali masitepe makumi anayi ndi awiri. Ndinkawawerenga tsiku lililonse, poti kuwerenga manambala kokha ndinkatha. M'nyumbamo munkagwiranso ntchito mayi wachikhosa, tinkati Sisi Nomsa. Anali wamtima wabwino. M'mawa uliwonse ankandisungira buledi wopaka jamu ndi tiyi pawindo la khitchini.

Bwanayo sanali munthu wankhanza. Vuto lake linali changu. Chilichonse ankachifuna dzulo. Ndipo chimene ankachikonda kuposa maluwa, mwinanso kuposa madamu, linali boti lake la injini. Linali loyera, lolembedwa dzina m'mbali ndi utoto wabuluu, koma poti nthawi imeneyo zilembo zinali ngati mapazi a nkhuku kwa ine, mpaka lero sindidziwa dzina lake.

Botilo linkakhala pangolo ya matayala awiri, ndipo ngoloyo inkakokedwa ndi galimoto. Kumbuyo kwa galimoto kunali kampira kachitsulo, kukula ngati dzira la bakha. Kutsogolo kwa ngolo kunali chitsulo chokhala ngati chipewa, chimene chimavala kampirako n'kukaluma. Pomasula umakweza chogwirira, n'kupukusa kagudumu kakang'ono ka kutsogolo mpaka chipewacho chitavuka. Pamalo athyathyathya mwana akhoza kuchita. Koma malo oimika boti kwa bwana anali otsetsereka. Ankalowa chambuyo kukwera mtunda, ngolo pamwamba, galimoto m'munsi, kotero kulemera konse kwa boti kunkatsamira pakampira kaja, chipewa n'kukakamira. Buleki ya ngoloyo inali itadyedwa kale ndi dzimbiri la madzi amchere. Nchifukwa chake panali njerwa ziwiri. Lamulo linali limodzi, ndipo bwana anandiphunzitsa tsiku loyamba: usanakhudze chipewa, tsekereza matayala a ngolo ndi njerwa. Ntchito ya njerwayo inali yanga.

A Filimoni ndinawaitana ndine. Kumudzi anali kalipentala. Chitseko cha nyumba yanga anakhoma ndi iwo, bokosi la malemu bambo anga anakhoma ndi iwo, ndipo sanalandire kanthu. Anali mkamwini wa pamudzi pathu, wofatsa pamaso pa akulu koma wanthabwala tikakhala awiri. Ndinawatumizira uthenga kuti bwerani, kuno manja ngati anuwo sagona ndi njala. Anabwera, n'kupeza ntchito ku Montague Gardens, kufakitale yokhoma matabwa osanjikapo katundu. Ankagona ku Kraaifontein pamalo amene ndinasiya ine. Loweruka lina ndi lina ndinkawapezera ganyu kwa bwana wanga.

Masiku amenewo ndi okhawo amene ndinaseka ku Cape Town. Tinkakhala pamasitepe masana, tikudya buledi wa Sisi Nomsa, tikuyang'ana azungu ali gonegone pamchenga.

"Alamu," ankatero a Filimoni, "anthu awa akudwala chiyani? Dzuwa lonseli, munthu osapita kumunda."

"Akupuma."

"Atopa ndi chiyani? Ine ndikabwerera ndikamuuza mlongo wanu kuti nayenso azikagona padambo atavala kansalu kamodzi."

"Mukatero ndikamulanda. Pamudzi paja ndi panga."

"Landani. Amadya kwambiri. Koma mukalandenso ndi ana anayi aja."

Nyengo yozizira ku Cape Town ndiyo ya mvula. Imagwa sabata yathunthu, yamawawa, yosalekeza. Chaka chimenecho bwana anapititsa boti kwa amakaniko kuti likakhale kumeneko mpaka kutentha kutayamba. Njerwa zija zinangokhala pambali pa khoma, zopanda ntchito. M'kachipinda kanga madzi ochokera m'phiri ankadutsa pansi pa khoma n'kuyenderera pasimenti. Pakona panali sutikesi yanga, momwe ndinkasungiramo zopita nazo kumudzi: zitenje ziwiri za mkazi wanga, nsapato za ana, jekete la tchalitchi. Nditaona kuti pansi pa sutikesi payamba nkhungu, ndinatsika, n'kutenga njerwa zija, n'kuikapo sutikesiyo. Ndinati ndidzazibweza boti likamadzabwera.

Linabwera osandiuza. Linali Loweruka, kumwamba kutayera patapita masiku ambiri. A Filimoni anali atafika m'mawa kudzakonza geti lamatabwa la kumunda, ndipo monga mwa masiku onse anasinthira zovala m'chipinda changa. Cha m'ma leveni tinamva hutala. Bwana anali akulowa chambuyo, boti lili kumbuyo, nkhope yake ili pawindo.

"Fulumirani, anyamata! Ndili ndi alendo pabwalo la ndege, ndachedwa kale."

Ankatitcha anyamata, ife a ndevu zathu.

A Filimoni anaika hamala m'thumba la ovolosi n'kunjuta pakati pa galimoto ndi ngolo. Anakoka chogwirira. Chinakana. Anathira mafuta, anagogoda ndi hamala m'mbali, anapukusa kagudumu mpaka kumbuyo kwa galimoto kunayamba kunyamuka, koma chipewa chinangoluma kampira ngati galu waluma fupa. Miyezi yonse ija chili pamvula chinali chitachita dzimbiri, ndipo boti lonse linali litatsamira pamenepo.

Ine ndinazungulira kumatayala. Apo ndi pamene ndinakumbukira. Ndinayang'ana pakhoma, panalibe kanthu. Ndinayang'ana kumtunda, masitepe makumi anayi ndi awiri, kupita ndi kubwera, kenako bwana andifunse kuti njerwa zake zikutani m'chipinda changa. Hutala inaliranso. Pansi panali kachidutswa ka thabwa kamene a Filimoni anadula pageti. Ndinakakankhira ndi phazi kutsogolo kwa tayala limodzi. Ndinadziuza kuti kakwana, ndi kamphindi chabe.

A Filimoni anadzutsa mutu. Pomwe analipo matayala sankaoneka, boti linkatchinga.

"Alamu, njerwa mwaika?"

"Ndaika."

Anandiyang'ana pang'ono. Ndimaonabe maso amenewo. Kenako anawerama, n'kuuza bwana kuti asunthe galimoto kutsogolo pang'ono zedi kuti chipewa chipume, ine ndikwere pabampala ndidumphedumphe. Umo ndi momwe tinkachitira chikakakamira. Iwo anagwira chogwirira ndi dzanja lamanzere, lamanja analowetsa pansi kuti akankhe kachitsulo kotsekera.

Ndinadumpha kamodzi. Kawiri. Kachitatu chinavuka ndi phokoso ngati mfuti.

Ngoloyo sinayende mtunda wautali. Phazi limodzi lokha. Inaponda kathabwa kaja ngati ikuponda tsamba, mphuno yake n'kudzagunda chitsulo cha kumbuyo kwa galimoto. Dzanja la a Filimoni linali pakati.

Sanakuwe. Anangoti, "Mayo ine," motsitsa, ngati munthu waiwala chinthu kunyumba. Amene anakuwa ndine. Bwana anathamangitsa galimoto kutsogolo, kagudumu kanapindika, mphuno ya ngolo inagwa pansi n'kuima. Sisi Nomsa anatuluka ndi nsalu zopukutira mbale n'kukulunga dzanjalo. Nsalu yoyamba inafiira, yachiwiri inafiira. Bwana, nkhope ili mbuu, anawanyamula yekha kuwalowetsa m'galimoto, alendo aja ataiwalika. Anandiuza kuti nditsale ndiyang'anire boti.

Chimene ndinachita atangochoka ndicho chimandilemera kuposa bodza lija. Bodza ndinanena mwamantha, mosaganiza. Ichi ndinachita ndikuganiza. Ndinathamanga masitepe onse aja, ndinagwetsa sutikesi, ndinatsika ndi njerwa. Imodzi ndinaika patayala, inayo ndinaigoneka chapambali ngati yachita kuterereka. Kathabwa kaja ndinakaponya m'maluwa. Nditaweramuka ndinaona Sisi Nomsa ali pawindo la khitchini, manja ake akadali ndi magazi a mlamu wanga. Sanandiulule, tsiku limenelo kapena lina lililonse. Koma kuyambira m'mawa wotsatira pawindo paja sipanakhalenso buledi.

Bwana atabwerako anaima n'kuyang'ana njerwazo. Anati a Filimoni amuuza m'galimoto kuti njerwa zinaterereka chifukwa pansi panali ponyowa. Anapukusa mutu, n'kunena kuti kulakwa n'kwake posakonzetsa buleki. Sabata yotsatira anagula zotsekerezera zamphira, zachikasu. Njerwa zija anati nditaye. Ndinazibweza pansi pa sutikesi, ndipo ndinagona nazo m'chipinda chimodzi zaka zonse zimene ndinakhala kumeneko.

Kuchipatala anadula zala zitatu, kusiya chachikulu ndi chaching'ono. Kufakitale anawauza kuti pepani, munthu wa dzanja limodzi sangagwire makina okhomera. Lamulungu lililonse ndinkakwera sitima kupita ku Kraaifontein nditanyamula shuga ndi nyama. Ndinkawapeza atakhala pachigubu panja, dzanja lili m'mabandeji pachifuwa, akuphunzira kumanga mabatani ndi lamanzere. Anzathu a m'nyumbamo anawasamala koposa ine. Panali a Gondwe, a ku Rumphi, amene ankawachapira zovala ndi kuwameta ndevu, akuwanyoza kuti, "Imwe Achewa, ndevu ngati udzu wa padambo, lumo langa latha!" A Filimoni ankaseka. Ine ndinkakhala mphindi zochepa, maso ali pansapato, n'kunamizira sitima.

Tsiku lonyamuka kubwerera kumudzi, anzathu a kutchalitchi atawathandiza ndalama za ulendo, ndinawaperekeza kokwerera basi. Anatulutsa hamala yawo m'chikwama.

"Sungani, alamu. Ine ndiigwira ndi chiyani?"

Ndinatsegula pakamwa. Ndinafuna kuulula. Koma ndinangoti, "Mukapereke moni kunyumba."

Pambuyo pake zaka zinangodutsa ngati mitengo ya m'mbali mwa msewu. Ndinkadula udzu, kuthirira maluwa, kutsuka boti. Anzanga ankapita kumudzi pa Khirisimasi, ine ndinkapeza chifukwa. Ndinkatumiza katundu pamabasi: mabulangete, mapoto, njinga, foni. Zambiri zinkapita kwa Esinati kuposa kwa mkazi wanga, mpaka mkazi wanga anatumiza mawu ofunsa ngati ndinakwatira iye kapena mlongo wanga. Mayi anga atamwalira sindinapite. Ndinati mapepala anga sali bwino. Zoona zake n'zakuti ndinkadziwa amene adzakhala pafupi nane pamaliropo, ndi dzanja limene adzandipatse moni.

Chimene chinandibweza ndi mawondo. Anakana masitepe aja. Ndinafika pamudzi ndi masutikesi awiri ndi hamala. Mkazi wanga anandilandira mwaulemu, monga alandirira mlendo wa kutchalitchi. Ana anga anali ndi ana awo, amene ankanditcha agogo a ku Joni n'kubisala kuseri kwa nkhokwe. Munthu mmodzi yekha ndi amene anathamanga, akululutira, chitenje chikugwa: Esinati. Anagwada n'kundigwira miyendo.

"Achimwene! Amene munandisungira mwamuna kuchilendo! Popanda inu akanafera komweko."

A Filimoni anabwera pambuyo, atakalamba, ataonda. Anandipatsa dzanja lomwelo. Ndinamva zala ziwiri zikundigwira, ndi mpata pakati pake.

Ankalima tomato kudimba, khasu atalimangirira kudzanja ndi lamba wa chubu cha njinga. Zitseko za pamudzi tsopano ankakhoma ndi mnyamata wina wa kutsidya, zopotoka. Nyumba zathu zinali zoyang'anana, komabe ndinatha madzinja awiri ndikuwazemba. Akatulukira uku, ine ndinkalowera uko.

Atayamba kudwala chifuwa anatuma mdzukulu kudzandiitana. Anali masana, Esinati atapita kuchigayo. Ndinawapeza atagona pamphasa pakhonde, atafunda limodzi la mabulangete amene ndinatumiza. Ndinakhala pansi. Tinakamba za mvula, za mtengo wa feteleza. Kenako ndinangomva pakamwa panga pakunena.

"Alamu, tsiku lija njerwa sindinaike."

Anatsokomola nthawi yaitali. Atapuma anati, "Ndikudziwa. Zinali pansi pa sutikesi yanu. Ndinaziona m'mawa uja ndikuvala ovolosi."

Ndinamva ngati khonde lapendekeka.

"Nanga munandifunsiranji?"

"Kuti mukumbuke, mukatenge."

"Nditanena kuti ndaika, bwanji simunadzuke kukaona? Bwanji munalowetsa dzanja?"

Anaseka pang'ono, kuseka kwa munthu wotopa.

"Ine mkamwini, alamu. Inu mwini mbumba, mkulu wa mkazi wanga. Munandiitana ndinu, ganyu munandipezera ndinu. Ndikanadzuka pamaso pa bwana wanu kukasuzumira matayala, kunali kunena kuti mukunama. Ndinati mwina apeza miyala ina. Ndinatinso ngakhale asanaike, ndichotsa dzanja msanga. Ndinali ndi manja achangu masiku amenewo." Anakweza dzanjalo n'kuliyang'ana. "Ulemu wanga ndi mantha anu, zinakumana pamenepa."

Ndinalira ngati mwana, nkhalamba yonse ine. Ndinati andikhululukire. Anandisiya ndilire, kenako anati:

"Za zala ndinakhululuka ndisanatuluke m'chipatala. Zala ndi nyama. Chimene chinandiwawa ndi china. Ine ku Joni ndinali ndi mnzanga mmodzi, woseka naye pamasitepe. Ngolo ija inandidula zala, inu munandidula mnzangayo. Mabulangete ndinkafunda, inde, koma bulangete sucheza nalo. Ndinkati akabwera tidzakhala pakhonde pano, tidzaseka azungu ogona pamchenga. Mwabwera, mukundithawa ngati ndine wapolisi."

"Ndibwera mawa," ndinatero. "Ndizibwera tsiku lililonse."

"Bwerani. Koma mwachedwa, alamu. Nthabwala zambiri ndaiwala."

Ndinawafunsa ngati Esinati akudziwa. Anati ayi, iwo sanamuuze, ndipo sadzamuuza, chifukwa mlongo ndi wanga, nkhaninso ndi yanga.

Ndinapita masiku khumi ndi limodzi. Tsiku lakhumi ndi chiwiri kunalibenso wopitira. Bokosi lawo anakhoma mnyamata wa kutsidya uja, ndipo chivundikiro sichinkakhala bwino. Ndinakatenga hamala ija n'kukhoma ndekha misomali yotsiriza. Pamaliropo Esinati, akulira, ankauza amayi anzake kuti mwamuna wapita koma Mulungu wamusiyira mchimwene wamtima wa golide. Amayiwo ankandiyang'ana n'kumagwedeza mitu. Ndinafuna nthaka itseguke.

Kawiri konse ndapita kwa Esinati kuti ndinene. Ulendo woyamba anandiphera nkhuku. Ulendo wachiwiri anandionetsa mdzukulu wobadwa kumene, amene wamutcha dzina langa. Maulendo onse awiri ndinabwerako nditangoyamikira chakudya. Mwezi wotsatira ndi pamene ndinakalembetsa ku sukulu ya kwacha.

Esinati sadziwa kuwerenga, ndipo sindipatsa mwana aliyense kope ili kuti amuwerengere. Ndikawerenga ndekha. Zolembedwa zili ndi ubwino umodzi: sizisintha munthu akakuphera nkhuku. Sindidziwa ngati adzandithamangitsa pakhomo, kapena kusintha dzina la mwana uja. Ali ndi ufulu. Iye yekha ndi amene watsala wondiona ngati munthu wabwino, ndipo mawa ndikamulanda zimenezo.

Ndayeserera katatu kuseri kwa nyumba, mokweza, chala chili pamzere monga anatiphunzitsira. Ndimawerenga bwino za basi, za mphepo, za boti. Ndikafika pomwe a Filimoni akufunsa za njerwa, liwu lotsatiralo ndi lalifupi, zilembo zisanu ndi chimodzi, mwana wa sitandade wani akhoza kuliwerenga. Katatu konse ndaima pamenepo.

Esinati wanditumizira mawu kuti mawa akhala pakhomo, akusenda nyemba. Ndamuuza kuti asaphe nkhuku.